Matenda amene sitiwatchula pamaliro

Mafumu athu, abusa, amayi a Dorika, aphunzitsi ndi ophunzira a unamwino, amayi ndi abambo amene mwachokera m'midzi yozungulira Mwami, ndi inu amene mwaoloka malire kuchokera ku Mchinji: 

Pamaliro a kwathu kuno pamafika nthawi yowerenga mbiri ya womwalira. Wachibale amaimirira ndi pepala m'manja, n'kutiuza kumene malemu anabadwira, sukulu imene anaphunzira, mpingo wawo, ana ndi zidzukulu zimene asiya. Akafika pa imfa yeniyeniyo mawu amafupika. Timangomva kuti anadwala kwa nthawi yaitali, anapita nawo kuchipatala, koma sizinatheke. Tonse timavomereza ndi mutu, nyimbo n'kuyamba. Dzina la matendawo limakwiriridwa pamodzi ndi mwini wake. Ndikufuna ndikuonetseni lero chimene timataya tikamatero, ndi chifukwa chake ife otsala, makamaka ife amene tinayamwa bere limodzi ndi malemuwo, tili ndi ntchito imene palibe wina angatigwirire.

Ine ndine namwino, mwana wa dera lino. M'mimba mwa amayi anga mwachoka anthu awiri ndi khansa. Akulu anga anapita ndi khansa ya m'mawere asanakwanitse zaka 45, ana awo akali pasukulu. Patapita nthawi alongo anga anayamba kutsamwa akamadya nsima, kenako phala, mapeto ake ngakhale madzi. Inali khansa ya kummero. Maliro awiri pakhomo limodzi, mukudziwa zimene zimatsatira. Anthu anayamba kunong'onezana, ena kuloza chala munthu wachikulire wa m'mudzi amene sanalakwe kanthu. Ine ndinali ndi satifiketi ya unamwino m'chikwama, komabe amayi atandifunsa kuti, "Mwanawe, iwe unaphunzira, n'chiyani chikutha ana anga?" ndinalibe yankho loti n'kuwakhazika mtima pansi. Funso limenelo ndi limene linandilowetsa m'ntchito ya kafukufuku. Masiku ano ndimakhala pansi ndi amayi amene apezeka ndi khansa ya m'mawere, ndimawafunsa ulendo wawo wonse, ndimalemba, ndipo ndimawaimbira foni kuti ndimve mmene akupezera.

Za alongo anga ndinene mwachidule, chifukwa si mutu wa lero. Khansa ya kummero ndi yofala kwambiri m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Ethiopia mpaka ku South Africa, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene imapezeka kwambiri padziko lonse. Akatswiri amene anaifufuza ku Kenya, Tanzania ndi Malawi anaona kuti mowa waukali, fodya ndi chizolowezi chomwa zinthu zotentha kwambiri zili ndi mbali yake. Ndiye kuti imfa ziwiri za pakhomo pathu sizinachokere pa muzu umodzi. Kungodziwa zimenezo kunachotsa mlandu pamutu pa nkhalamba imene inkanenedwa ija.

Tsopano za akulu anga, ndi amayi onse onga iwo. Kwa zaka zambiri panalibe amene akanatha kunena motsimikiza kuti mayi wa ku Zambia akapezeka ndi khansa ya m'mawere amakhala ndi moyo zaka zingati. Wodwala akatuluka pachipata cha chipatala, kaundula amathera pomwepo. Kaya anachira, kaya anamwalira kumudzi, kaya anapita kwa asing'anga, palibe ankadziwa. Ndiye pakati pa 2014 ndi 2017 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, pamodzi ndi madokotala a m'mayiko asanu, Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, linalemba amayi oposa 2,000 amene anali atangopezeka ndi matendawa. Kafukufukuyu amatchedwa ABC-DO. Kuno ku Zambia amayiwo analembedwa ku Lusaka ndi ku Kabwe. Chida chake chachikulu sichinali makina okwera mtengo ayi, chinali foni ya m'manja. Miyezi itatu iliyonse mayi ankaimbiridwa, ndipo iye akapanda kuyankha ankaimbira wachibale amene anamutchula.

Zotsatira zinatuluka mu 2020. Patatha zaka zitatu, theka lokha la amayi onsewo ndi limene linali moyo. Ku Zambia ndi ku Uganda otsala anali pakati pa 44 ndi 47 pa amayi 100 alionse, ku Nigeria 36. Koma chiwerengero chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi cha ku Namibia. M'dziko limodzi lomwelo, pa matenda amodzimodzi, amayi achizungu 90 pa 100 anali moyo, pamene amayi akuda anali 56. Matenda amene munthu wina amachira nthawi zambiri, kwa ife akusanduka chilango cha imfa. Ofufuzawo anawerengera kuti matendawa atamapezeka msanga, chithandizo n'kumaperekedwa chokwanira, pafupifupi imfa imodzi mwa zitatu zilizonse ikhoza kupeweka, popanda kudikira mankhwala atsopano.

Pali china chimene anapeza chomwe ndikufuna inu ophunzira unamwino muchimvetsetse, chifukwa chikutikhudza ife ovala yunifolomu. Ife azaumoyo tili ndi chizolowezi chonena kuti amayi a kumudzi amachedwa okha, amabisa, amayamba kwa asing'anga kukatemera mphini. Zoterozo zilipo, sindikana. Koma ofufuza atayeza ulendo wonse, kuyambira tsiku limene mayi anakhudza chotupa mpaka tsiku limene anauzidwa dzina la matenda ake, anapeza kuti kuno ku Zambia ulendowo unkatenga pafupifupi miyezi 8, ndipo nthawi yoposa theka inkatayika mayiyo ataonana kale ndi wazaumoyo. Anabwera ndithu. Anavula, anaonetsa. Kuchedwa kwakukulu kunachitikira m'manja mwathu.

Akulu anga zinawachitikira choncho. Sanabise. Anapita pakachipatala kena, anauzidwa kuti ndi chithupsa, n'kupatsidwa makapisozi. Chotupa sichinkapweteka, ndiye anaganiza kuti palibe choopsa, pamene khansa ya m'bere nthawi zambiri imayamba mosapweteka. Anabwereranso, anapatsidwanso makapisozi ena. Pamene wina anaganiza zowatumiza kuti akadulidwe kanyama kokapima, m'khwapa munali mutatuluka kale mwanabere, khungu la bere litakhakhala, nsonga italowa m'kati. Sindikunena izi pofuna kuimba mlandu munthu. Amene anawaona uja anali yekha pamzere wautali wa odwala malungo ndi ana otsegula m'mimba, ndipo palibe anamuphunzitsa kuti chotupa cholimba m'bere la mayi wosayamwitsa, chimene sichikutha pakapita milungu yochepa, sichifuna makapisozi achiwiri koma kalata yotumizira. Inu mukuphunzitsidwa lero.

Taganizirani njira imene mayi wa kuno amayenda. Achoke kumudzi afike pa Mwami kapena pa Chipata Central Hospital. Adulidwe kanyama, kanyamako kapite ku labotale, zotsatira zibwere. Kenako, pa chithandizo china monga chowotcha ndi makina, ulendo ndi wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007. Kuchokera pa Chipata ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba, kuoloka Luangwa, tsiku lathunthu m'basi. Sapita yekha, afunika womudwazika. Sapitanso kamodzi, chifukwa mankhwala a m'diripi amaperekedwa mobwereza, kawirikawiri milungu itatu iliyonse. Matendawo akagwa m'dzinja, munda ugonera. Banja ligulitsa mbuzi, kenako njinga, kenako chimanga chimene chinali chakudya. Amayi ambiri amene amasiyira chithandizo panjira sikuti safuna moyo. Ndalama ya basi ndiyo yatha. Mu 2021 WHO inaika miyezo itatu: kuti amayi 60 pa 100 azipezeka matenda akali pa siteji yoyamba kapena yachiwiri, kuti kupima konse kuzitha m'masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika koyamba, ndi kuti 80 pa 100 azimaliza chithandizo. Masiku 60 amenewo muwayerekeze ndi miyezi 8 ija. Ndipo chigawo chathu cha kum'mawa sichingadziwe pamene chaima ngati palibe amene akulemba masiku.

Kafukufuku wa ABC-DO uja anawerenganso ana. Pa amayi 100 alionse amene anamwalira asanafike zaka 50, ana pafupifupi 210 anatsala opanda mayi. Kwa ife Achewa, amene mbumba imaima pa mkazi, chiwerengero chimenechi sichifuna kumasulira. Ana a akulu anga ndikulera ndine. Ambiri mwa inu amayi muli pano mukulera ana a abale anu, ndipo mukudziwa kuti mwana wamasiye woyamba kusiya sukulu amakhala wamkazi.

Ndifike tsopano pa funso limene mng'ono aliyense wa malemu amagona nalo: kodi nanenso zidzandigwera? Yankho loona lili pakati. Khansa ya m'mawere yambiri si ya kumtundu. Mwa odwala 100, amene matenda awo amachokera ku chibadwa cholandira kwa makolo amakhala pakati pa 5 ndi 10. Komabe mayi amene mkulu wake, mng'ono wake kapena mayi ake anadwala khansa imeneyi ali pa chiopsezo choposa cha anzake pafupifupi kawiri, makamaka ngati wachibaleyo anadwala akali wamng'ono. Mu 1990 Mary-Claire King wa ku America anasonyeza kuti m'mabanja ena muli chinthu cha m'chibadwa chimene chimayenda ndi matendawa, ndipo anachipeza pofufuza mabanja amene anavomera kufotokoza mbiri ya odwala awo ndi kupereka magazi. Jini imeneyo ndi imene timaitcha BRCA1. Inzake, BRCA2, inapezeka mu 1995. Kwa nthawi yaitali zambiri zimene zinkadziwika zinali za azungu. Dokotala Olufunmilayo Olopade, mayi wa ku Nigeria wogwira ntchito ku University of Chicago, ndi anzake anapima amayi oposa 1,000 odwala khansa ya m'mawere ku Ibadan, ndipo mu 2018 anafalitsa kuti pafupifupi mmodzi mwa 8 alionse anali ndi vuto lotengera kumtundu. Chiwerengerochi n'chokwera kuposa chimene anthu ankayembekezera. Ibadan ndi kutali ndi Chipata, ndipo mitundu ya anthu a mu Africa imasiyana chibadwa kuposa anthu a kwina kulikonse. Chiwerengero chathu chidzachokera kwa ife eni.

Apa mafumu ndi ankhoswe mundimvere bwino. Mchewa akafunsidwa za mtundu wake amawerenga kuchikazi: amayi, agogo, atsibweni. Mngoni wa kwa Mpezeni amawerenga kuchimuna. Koma chibadwa sichitsata mwambo wa Kalonga Gawa Undi kapena wa Inkosi ya Makosi. Kholo lililonse limene lili ndi vutoli, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, likhoza kupatsira mwana aliyense, mwayi wake theka ndi theka. Bambo akhoza kukhala nalo osadwala, n'kupatsira mwana wake wamkazi. Ndiye namwino akakufunsani ngati kwanu kunadwalapo munthu, musaiwale azakhali, alongo awo a bambo anu, ngakhale kuti mwamwambo si a mbumba yanu. Musaiwalenso amuna. Abambo nawonso amadwala khansa ya m'bere, ngakhale ndi ochepa, pafupifupi mmodzi pa odwala 100, ndipo BRCA2 imawonjezeranso chiopsezo cha khansa ya prostate. Koma nanga mudzayankha chiyani, ngati pamaliro a azakhali aja munangomva kuti anadwala nthawi yaitali? Banja limene silitchula matenda a akufa ake limamana ana ake aakazi chenjezo limene likanawafikitsa kuchipatala chotupa chikali chaching'ono. Sindikunena kuti tizilengeza pamanda zinthu zimene malemu sanafune kuti zimveke. Ndikunena kuti m'nyumba, pa nthawi ya kumeta, pamene abale akhala pansi okhaokha, mwini mbumba anene dzina la matendawo momveka, ndipo wina alembe.

Kunja kuno kuli anthu amene chisoni cha mbale wawo anachisandutsa ntchito. Susan Komen wa ku America anamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 1980, ndipo mng'ono wake Nancy Brinker anayambitsa mu 1982 bungwe lotchedwa ndi dzina la malemuyo, limene lathandiza kafukufuku ndi ndalama zambiri. Bungweli linali m'gulu la amene anayambitsa Pink Ribbon Red Ribbon mu 2011, ntchito yolimbana ndi khansa za amayi imene inayambira kuno ku Zambia. Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha amayi wamba. Pakati pa 2003 ndi 2009, ku America ndi ku Puerto Rico, amayi oposa 50,000 a zaka za pakati pa 35 ndi 74 analembetsa m'kafukufuku wotchedwa Sister Study. Onsewo sankadwala. Chimene chinawasonkhanitsa n'chakuti aliyense anali ndi mkulu kapena mng'ono amene anadwala khansa ya m'mawere. Nzeru yake ndi yosavuta kumva: ana a mimba imodzi amafanana chibadwa, anakulira pakhomo limodzi, anadya m'mbale imodzi. Mukawatsatira zaka zambiri, n'kuona amene adwala ndi amene sanadwale, mumayamba kuzindikira chimene chikuwasiyanitsa. Mu 2019 kafukufukuyu anasonyeza kuti amayi amene ankagwiritsa ntchito kawirikawiri utoto wokhalitsa wa tsitsi ndi mankhwala owongolera tsitsi ankapezeka ndi khansa ya m'mawere mochulukirapo, ndipo pa utotowo kusiyanaku kunali kwakukulu mwa amayi akuda. Izi sizikutsimikiza kuti mankhwalawo ndiwo anayambitsa matenda, ndipo sindinabwere kudzatsekera anthu masaluni. Koma taonani kuchuluka kwa ana athu amene amapakidwa mankhwala amenewa asanathe ndi msinkhu womwe. Funso lotere liyenera kufunsidwa kuno, pa mankhwala amene akugulitsidwa m'misika yathu.

Amayi a Sister Study aja anapereka magazi, mkodzo, zikhadabo za kumapazi, ngakhale fumbi la m'nyumba zawo. Ndikuona ena mwagwedeza mitu, ndipo ndikumvetsa. Kwathu kuno munthu sapereka chikhadabo kapena tsitsi kwa mlendo. Agogo athu ankasimba za anthu ogwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kum'mwera kwa Malawi. Mantha amenewa sindiwaseka. Anthu amene akhala akutengedwa zinthu popanda kuuzidwa chifukwa ali ndi ufulu wokayika. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti lero kuli malamulo. Dziko la Zambia lili ndi lamulo la kafukufuku wa zaumoyo la 2013, ndi bungwe la National Health Research Authority limene limayang'anira ntchitoyi, ndipo kafukufuku aliyense amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu asanayambe. Wofufuza akabwera kwa inu ayenera kukufotokozerani m'Chinyanja, osati kungokupatsani pepala la Chingerezi kuti mudinde chala. Mufunseni kuti magaziwo apita kuti, asungidwa mpaka liti, adzaona dzina lanu ndani, ndipo zotsatira zikadzatuluka adzabwera kudzakuuzani kapena ayi. Muli ndi ufulu wokana, ndi wosiya pakati, ndipo chithandizo chanu sichichotsedwa chifukwa mwakana. Wofufuza amene akwiya ndi mafunso amenewa musamupatse dzanja lanu. Ine ndimakondwa mayi akandipanikiza ndi mafunso, chifukwa wotero akavomera amakhala nafe mpaka kumapeto.

Ndinenenso poyera kuti kulowa m'kafukufuku sikuchiritsa munthu, ndipo kawirikawiri phindu lake silifika kwa amene wapereka magaziyo. Limafika kwa obwera m'mbuyo. Malo ano akudziwa zimenezi kuposa malo ambiri. Chipatala cha Mwami chinayamba mu 1927, ndipo kwa zaka zambiri chinkadziwika ndi kusamalira odwala khate, pa nthawi imene wakhate ankamangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi ndipo matenda ake ankanenedwa monong'ona. Anthu ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana anavomera kuyesedwa mankhwala, ena osathandiza, mpaka mu 1981 WHO inavomereza mankhwala ophatikiza amene amachiritsa khate. Ambiri mwa ophunzira muli panowa mudzamaliza maphunziro musanaone munthu woduka zala ndi khate. Khansa ya khomo la chiberekero ikuyenda njira yomweyo: kuyambira 2006 anamwino a ku Zambia akhala akuyeza amayi ndi viniga, ndipo kuyambira 2019 atsikana akulandira katemera wa HPV woteteza ku khansa imeneyi m'dziko lonse. Khansa ya m'mawere ilibe katemera. Ili ndi opaleshoni, mankhwala a m'diripi, kuwotcha, ndi mapiritsi monga tamoxifen amene mayi amamwa zaka zisanu kapena kuposa ngati chotupa chake ndi cha mtundu umene umakula ndi mahomoni. Zonsezi zimagwira bwino ntchito chotupa chikapezeka msanga.

Kwa anamkungwi, inu amene mumalangiza atsikana ndi amayi oyembekezera, muli ndi khomo limene ife achipatala tilibe. Mayi amene amadziwa mawere ake amazindikira msanga pakasintha kanthu: chotupa, khungu lolowa m'kati, magazi otuluka kunsonga, mwanabere m'khwapa. Muwauze kuti kudulidwa kanyama kokapima sikufalitsa matenda, ndi kuti mkazi wochotsedwa bere akadali mkazi. Abambo, mawu omalizawa ndi anu kwambiri, chifukwa amayi ena amakana opaleshoni poopa kuti banja litha.

Kwa inu ophunzira, pempho langa ndi laling'ono, ndipo likuyamba pa wodi mawa m'mawa. Mayi akabwera ndi chotupa m'bere, mufunseni mwezi umene anachikhudza koyamba. Akati sakumbuka, mufunseni ngati chimanga chinali chitamera, kapena ngati mwambo wa Nc'wala unali utachitika, ndipo mulembe mweziwo m'buku lake pamodzi ndi tsiku limene wafika kwa inu. Mufunseni za achibale a mbali zonse ziwiri. Mukamulembera kalata yopita ku Chipata kapena ku Lusaka, mutenge manambala a foni awiri, yake ndi ya mbale amene amagona naye pafupi, chifukwa foni za kumudzi zimatha moto ndipo ma SIM amasintha. Pakatha milungu iwiri muimbe, mumve ngati anafika.